Mbiri ya Mai Sara Gómez, wojambula mafilimu yemwe anapatsa amphawi a ku Cuba mpata wolankhula

Pa 2 Juni m'chaka cha 1974, mumzinda wa Havana womwe ndi likulu la dziko la Cuba, munamwalira mai wina wa zaka 31 zakubadwa atabanika ndi matenda a mphumu. Dzina lawo linali Sara Gómez. Iwo anasiya ana atatu, mafilimu aafupi oposa 15, ndiponso filimu imodzi yaitali yomwe anali asanaimalize. Filimu imeneyo ndiyo inawachititsa kukhala mzimai woyamba kutsogolera ntchito yojambula filimu yaitali ya sewero m'bungwe la mafilimu la boma la dzikolo.

Cuba ndi chilumba cha m'nyanja ya Caribbean komwe anthu amalankhula Chisipanishi. Chiwerengero cha anthu ake n'chochepa poyerekeza ndi cha Zambia kapena cha Malawi, koma dzikoli linatchuka pa ntchito ya mafilimu kuposa maiko ambiri akuluakulu. Pakati pa akatswiri ake, Mai Gómez amakumbukiridwa pa chinthu chimodzi: ankakonda kusintha komwe kunali kuchitika m'dziko lawo, koma sanalole kuti chikondi chimenecho chiwatseke pakamwa. Kamera yawo ankailoza kwa anthu akuda, kwa amai ndi kwa anthu a m'makomboni, n'kuwasiya kuti anene okha zomwe zinali kuwapweteka.

Ubwana wawo

Mai Gómez anabadwa pa 8 Novembala m'chaka cha 1942 ku Guanabacoa, tauni yomwe ili kum'mawa kwa Havana. Derali limadziwika ndi ng'oma, magule ndi zipembedzo zomwe zinachokera ku Africa. Kwa zaka mazana angapo, zombo zinkatula akapolo pa chilumbachi kuti azilima m'minda ya nzimbe. Ambiri anachokera kumadzulo kwa Africa ndi ku Congo, koma ena anakwezedwa zombo ku Quelimane ndi pa chilumba cha Mozambique. Ukapolo unathetsedwa mochedwa ku Cuba, m'chaka cha 1886, kotero kuti panthawi yomwe Mai Gómez ankakula kunali kudakali nkhalamba zobadwa muukapolo.

Banja lawo linali la anthu akuda ophunzira, ndipo munali oimba angapo. Iwo eni anaphunzira nyimbo ndi kuimba piyano kwa zaka zingapo pa sukulu ya zoimbaimba ya ku Havana. Komabe maphunziro sankachotsa tsankho. M'masiku amenewo kunali malo achisangalalo, mahotela ndi magombe komwe munthu wakuda sankaloledwa, ndipo mabanja akuda anali ndi mabungwe awoawo ochezeramo.

Pa 1 Januwale 1959, mtsogoleri wankhanza Fulgencio Batista anathawa m'dzikolo, ndipo gulu la Fidel Castro linatenga boma. Apa n'kuti Mai Gómez ali ndi zaka 16. Boma latsopano linatsegula malo omwe kale anali a azungu okha, ndipo mu 1961 linatumiza achinyamata kumidzi kukaphunzitsa anthu kulemba ndi kuwerenga. Mtsikanayu anayamba ntchito ya utolankhani, ndipo ankalemba m'magazini ya achinyamata yotchedwa Mella.

Khomo limodzi lokha

Mu Malichi 1959 boma linakhazikitsa bungwe la mafilimu lotchedwa ICAIC, lomwe mkulu wake anali Alfredo Guevara. Posakhalitsa makamera, zipangizo zotsukira mafilimu ndi nyumba zoonetseramo kanema zonse zinakhala m'manja mwa bungweli. Linagulanso magalimoto omwe ankanyamula kanema kupita naye kumidzi, ndipo komwe kunalibe msewu zipangizo zinkasenzedwa ndi abulu kapena kukwezedwa m'mabwato.

Magalimoto a kanema oterewa si achilendo kwa anthu achikulire a m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia. Kuyambira mu 1948 mpaka mu 1963, bungwe la atsamunda la Central African Film Unit, lomwe likulu lake linali ku Salisbury, linkajambula mafilimu oonetsa anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Nyasaland ndi Southern Rhodesia. Mafilimuwo ankafika m'midzi, kuphatikizapo yozungulira Fort Jameson yomwe tsopano ndi Chipata, ndipo womasulira ankafotokoza nkhani m'chinenero cha m'deralo. Osewera anali anthu akuda, koma wolemba nkhani ndi woitsogolera anali mzungu, ndipo phunziro lake linali lokonzeratu: lima motere, sunga ndalama motere, usatengeke ndi moyo wa m'tauni. Munthu wa kumudzi ankaoneka pa chinsalu, koma maganizo ake sankafunsidwa. Funso lomwe Mai Gómez analimbana nalo moyo wawo wonse linali lomweli, ngakhale kuti kwawo wolamula sanali mtsamunda koma boma lomwe iwo ankaligwirizana nalo.

Malire a ufulu wa ojambula anaoneka msanga. Mu 1961 anyamata awiri, Sabá Cabrera Infante ndi Orlando Jiménez Leal, anajambula paokha filimu yaifupi yotchedwa P.M. yomwe inkaonetsa anthu wamba, ambiri a iwo akuda, akumwa ndi kuvina usiku m'mabala a kudoko la Havana. Akuluakulu anailetsa kuonetsedwa m'nyumba za kanema ponena kuti sinkapereka chithunzi choyenera cha dziko panthawi yomwe linali pa chiopsezo cha nkhondo. Kuchokera pamenepo, munthu wofuna kujambula filimu ku Cuba anali ndi khomo limodzi lokha lolowera, ndilo la ICAIC.

Mai Gómez analowa pa khomo limenelo m'chaka chomwecho cha 1961. Anayamba monga wothandizira. Anagwira ntchito ndi Agnès Varda, katswiri wa ku France yemwe anayendera chilumbachi n'kupanga filimu yotchedwa Salut les Cubains ya mu 1963. M'filimu imeneyo mtsikana Sara akuoneka akuvina mwansangala. Anathandizanso Tomás Gutiérrez Alea pojambula Cumbite mu 1964, filimu yosimba za alimi a ku Haiti. Pakati pa otsogolera mafilimu a bungweli, anthu akuda anali owerengeka, ndipo mzimai wakuda anali iwo okha.

Mafilimu a zochitika zenizeni

Mu 1964 anatulutsa Iré a Santiago, kutanthauza kuti ndidzapita ku Santiago. Anayenda ndi kamera m'misewu ya mzinda wa Santiago de Cuba, m'misika, m'nyumba ndi pa maliro, n'kuuonetsa monga mzinda womwe khungu, nyimbo ndi kayendedwe ka anthu ake zili ndi mizu ya ku Africa. Mu 1966 analoza kamera ku banja lawo lomwe m'filimu ya Guanabacoa: crónica de mi familia. Sanabise kuti ngakhale pakati pa anthu akuda panali kusankhana, ena kudziyesa apamwamba chifukwa cha maphunziro ndi mavalidwe. Chaka chotsatira anajambula Y tenemos sabor, yofotokoza zipangizo zoimbira nyimbo za anthu wamba. Zina mwa zoimbira za ku Cuba munthu wa kuno angazizindikire msanga, monga marímbula, bokosi lokhala ndi tizitsulo tokhwacha ndi zala, lomwe ndi mbale wake wamkulu wa kalimba.

Ntchito yomwe inaonetsa bwino luso lawo anaichita pa chilumba chaching'ono cha Isla de Pinos, kummwera kwa Cuba. Boma linkatumizako achinyamata ambiri kukalima zipatso ndi kuweta ng'ombe. Ena anapita mwa kufuna kwawo, ena anatumizidwa kuti akasinthe khalidwe. Mai Gómez anajambulako mafilimu atatu: En la otra isla ndi Una isla para Miguel mu 1968, ndiponso Isla del Tesoro mu 1969, yomwe inakhudza ndende yakale ya Presidio Modelo momwe Fidel Castro anatsekeredwamo kuyambira mu 1953 mpaka mu 1955.

Filimu ya boma yonena za malo oterewa ikanatha kungoonetsa makasu ali m'mwamba ndi nkhope zomwetulira. Mai Gómez anakhala pansi ndi achinyamatawo mmodzimmodzi, n'kumawafunsa modekha, pozindikira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Gawo lomwe anthu amalikumbukira kwambiri ndi la mnyamata wina wakuda yemwe anaphunzira kuimba nyimbo za opera. Poyamba akulankhula mozungulira. Mai Gómez, omwe akhala naye pafupi ndipo mawu awo akumveka, akupitiriza kufunsa mpaka iye akuvomera kuti chinam'chotsa pa nsanja ndi khungu lake, popeza oimba anzake achizungu sankafuna kuima naye limodzi. Zimenezi zinajambulidwa panthawi yomwe boma linali litalengeza kale kuti vuto la tsankho linatha.

Chilumba chomwecho chinadzakhala ndi mbiri ina yokhudza chigawo chino cha Africa. Kuyambira mu 1977 kunatsegulidwa masukulu a ana ochokera ku Mozambique ndi ku Angola, kenaka ku Namibia ndi maiko ena, ndipo mu 1978 chinapatsidwa dzina latsopano la Isla de la Juventud, kutanthauza chilumba cha achinyamata.

Nkhani ya amai anaigwira m'filimu ya Mi aporte, yomwe inamalizidwa mu 1972. Boma linkalimbikitsa amai kuti akalowe ntchito m'mafakitale ndi m'minda. Filimuyi inafunsa funso lomwe akuluakulu sankalifuna: mai akaweruka ku ntchito, ndani aphika, ndani achapa, ndani asamala mwana akadwala? Amai akuoneka akudandaula za kuchepa kwa malo osungirako ana, ndipo abambo ena akudandaula kuti amai amajomba ku ntchito. Filimuyi inasungidwa m'kabati kwa zaka zambiri osaonetsedwa kwa anthu ambiri.

Zaka zimenezo zinali zovuta kwa anthu aluso. Kuyambira mu 1971, pomwe mlakatuli Heberto Padilla anamangidwa, olemba ndi ojambula ambiri anachotsedwa ntchito kapena kukhalitsidwa chete. Nicolás Guillén Landrián, wojambula wina wakuda waluso kwambiri wa ku ICAIC, anachotsedwa m'bungwelo, anakhalapo m'ndende, ndipo anadzamwalira ali ku Miami mu 2003. Mai Gómez ankadziwa bwino lomwe zomwe zinkagwera munthu wolankhula mosabisa, komabe sanasinthe njira.

Filimu yaitali

Filimu yawo yaitali imatchedwa De cierta manera, mawu omwe tanthauzo lake ndi lakuti mwa njira ina yake. Nkhani yake anailemba pamodzi ndi Tomás González. Inajambulidwa ku Miraflores, dera la nyumba zatsopano lomwe linamangidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960 kuti mukhale anthu ochokera m'komboni ya zisakasa ya Las Yaguas. Anthuwo anathandiza okha kumanga nyumbazo. Zisakasa zinagwetsedwa, madzi ndi magetsi zinafika, sukulu inatsegulidwa. Mai Gómez anafuna kudziwa ngati munthu amasintha mtima chifukwa chakuti wasintha nyumba.

Nkhaniyi ndi ya anthu awiri okondana. Yolanda, yemwe anaseweredwa ndi Yolanda Cuéllar, ndi mphunzitsi wochokera m'banja lopeza bwino yemwe watumizidwa kukaphunzitsa ku Miraflores. Amakonda ntchito yake, koma sadziwa umphawi. Amakalipira amai omwe ana awo amabwera kusukulu osakonzeka, osazindikira kuti ena mwa amaiwo akulera okha ana ambiri ndipo amachoka m'nyumba kusanache. Mario, yemwe anaseweredwa ndi Mario Balmaseda, ndi wantchito wa m'fakitale yemwe anakulira m'komboni, komwe anaphunzira kuti mwamuna weniweni salamulidwa ndi mkazi ndipo saulula chinsinsi cha mnzake.

Mnzake wa Mario, dzina lake Humberto, yemwe anaseweredwa ndi Mario Limonta, akujomba ku ntchito masiku angapo ponama kuti mai ake akudwala kwambiri, chikhalirecho wapita kukacheza ndi mkazi kutali. Mario akudziwa zoona zake. Pa msonkhano wa antchito, pomwe anzawo atsala pang'ono kumukhululukira Humberto, Mario akuimirira n'kuulula bodzalo. Koma m'malo mokondwa kuti wachita chilungamo, akudziona ngati wataya umuna wake. Apa ndi pomwe pagona mtima wa filimuyi: munthu wachita chinthu choyenera, koma chikhalidwe chomwe anakulira nacho chikumuuza kuti wachita chamanyazi.

Kapangidwe ka filimuyi kanali kachilendo. Mawu a kuchiyambi kwake amadziwitsa oonera kuti ena mwa anthu omwe awaone ndi enieni ndipo ena ndi opeka. Osewera ophunzitsidwa akusakanikirana ndi anthu okhala ku Miraflores omwe akungokhala monga momwe alili. Sewero likamapita, limadulidwa ndi zithunzi zenizeni za makomboni ndi za chitsulo chachikulu chikugumula makoma akale, uku mawu onga a wowerenga nkhani akufotokoza zomwe boma lachita. Kenaka anthu eniake akulankhula, ndipo zonena zawo sizigwirizana nthawi zonse ndi mawu aja. Oonera amasiyidwa kuti aweruze okha. Mai Gómez anajambula ndi kamera yaing'ono ya mamilimita 16, yopanda mitundu, kuti athe kulowa m'tinyumba ndi m'tinjira popanda kuopseza anthu ndi zipangizo zazikulu. Zimenezi zinkagwirizana ndi ganizo lomwe Julio García Espinosa analemba mu 1969, lakuti dziko losauka lisadikire zipangizo zodula za ku Hollywood kuti liyambe kusimba nkhani zake.

Gawo lomwe limadzetsa mtsutso mpaka lero ndi lokhudza Abakuá, gulu lachinsinsi la amuna okhaokha lomwe linayamba ku Regla, pafupi ndi Havana, mu 1836. Mizu yake ili ku dera la mtsinje wa Cross, kumalire a Nigeria ndi Cameroon. Ovina ake amadziphimba thupi lonse kuyambira kumutu, ndipo zinsinsi zake amazidziwa ndi olowa okha. Achewa a ku Katete, ku Chadiza ndi tsidya lina la chipata cha Mwami ku Mchinji angaone kufananako ndi Gule Wamkulu, ngakhale kuti chiyambi ndi miyambo yake n'zosiyana. M'filimuyi Mario akufotokoza kuti ali mnyamata ankalakalaka kulowa gululo. Filimu ikutchula gululi, pamodzi ndi miyambo yomwe inabwera ndi amalinyero a ku Spain, monga ena mwa magwero a mtima wopeputsa akazi. Akatswiri ena amati apa mwambo wa ku Africa unaweruzidwa mopitirira muyeso. Ena amati Mai Gómez, omwe anakulira pakati pa ng'oma zimenezi ndipo ankazilemekeza, anali ndi ufulu wofunsa ngati zonse za makolo zili zoyenera kusungidwa momwe zilili.

Filimuyi sithera pa ukwati kapena pa kulekana. Mario ndi Yolanda akuoneka chapatali akuyenda pakati pa nyumba zatsopano, akukanganabe, koma akuyenda limodzi.

Imfa ndi zomwe zinatsatira

Mai Gómez ankavutika ndi mphumu kwa nthawi yaitali. Anamwalira atamaliza kujambula ndiponso atapita patali ndi ntchito yolumikiza zigawo za filimuyo. Amuna awo, a Germinal Hernández, ndiwo anali katswiri wojambula mawu m'filimu yomweyo. Ntchito yotsala anaimaliza ndi Tomás Gutiérrez Alea ndi Julio García Espinosa. Filimuyo inatumizidwa ku Sweden kuti ikakonzedwe ndi kukulitsidwa kuti ithe kuonetsedwa m'nyumba za kanema, ndipo inatuluka mu 1977, patapita zaka zitatu mwiniwake ali m'manda.

Mu 1975 dziko la Cuba linakhazikitsa lamulo la mabanja lomwe linanena kuti mwamuna ndi mkazi ayenera kugawana ntchito za pakhomo ndi kulera ana, nkhani yomwe Mai Gómez anali ataifunsa kale ndi kamera. Koma m'bungwe la mafilimu zinthu zinayenda pang'onopang'ono. Panapita zaka zoposa 30 mzimai wina asanatsogolere yekha filimu yaitali ya sewero ya ICAIC, kufikira pomwe Rebeca Chávez anatulutsa Ciudad en rojo mu 2009. Ojambula oima paokha, omwe khomo lawo linatsekedwa mu 1961, anadzavomerezedwa ndi lamulo mu 2019.

Kwa nthawi yaitali mafilimu aafupi a Mai Gómez anali ovuta kuwapeza, ndipo ena anayamba kuonongeka ndi chinyezi cha pa chilumbacho. Mu 2005 Alessandra Müller wa ku Switzerland anatulutsa filimu yofufuza moyo wawo kudzera mwa achibale ndi anzawo. Mu 2021 bungwe la Arsenal la ku Berlin, mogwirizana ndi ICAIC, linakonzanso De cierta manera, ndipo akatswiri a pa Queen's University ku Canada anagwira ntchito yopulumutsa mafilimu aafupi. Zimenezi zinachititsa kuti m'badwo watsopano uone ntchito zomwe ngakhale anthu ambiri a ku Cuba anali asanazionepo.

Njira yosakaniza sewero ndi moyo weniweni sinali ya ku Cuba kokha. Mu 1975, chaka chimodzi Mai Gómez atamwalira, Safi Faye wa ku Senegal anamaliza Kaddu Beykat, filimu yomwe alimi a m'mudzi mwawo anasewera moyo wawo womwe n'kudandaula za ulimi wa mtedza, ndipo boma la dzikolo linailetsa. Patapita zaka 42, mu 2017, Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anatulutsa I Am Not a Witch, momwe mumamveka Chinyanja ndipo mbali yaikulu inaseweredwa ndi kamtsikana komwe kanali kasanaimepo pamaso pa kamera. Filimu imeneyo inapata mphoto ya BAFTA ku London mu 2018.

Mai Sara Gómez anagwira ntchito ya mafilimu kwa zaka 13 zokha, m'dziko laling'ono lomwe linkasowa zipangizo chifukwa cha ziletso za malonda za dziko la United States, ndiponso m'bungwe lomwe linali ndi mphamvu yosunga filimu m'kabati. M'zaka zochepazo anasiya umboni wa momwe anthu akuda ndi amai a ku Cuba ankaganizira panthawi yomwe ena onse ankawalankhulira. Anthu a ku Las Yaguas, achinyamata a pa Isla de Pinos ndi amai a m'mafakitale a ku Havana ambiri anamwalira, koma nkhope ndi mawu awo zikuonekabe ndi kumveka chifukwa chakuti panapezeka munthu yemwe anakhala nawo pansi n'kuwafunsa.